Wotchi Imene Ogula Anaikana

Pa 26 Okutobala 2017, mumzinda wa New York, anthu achuma anapikisana pa kanthu kokwana m'chikhatho. Malondawo anali a okushoni, monga aja amene alimi a fodya amaŵadziŵa, ndipo anachititsa ndi a kampani ya Phillips. Nyundo itagwa, wotchi yapamkono ya Rolex Daytona inali itagulidwa pa madola a ku America pafupifupi 17.8 miliyoni. Sinali yagolide ai. Inali yachitsulo, yokalikakalika, ndipo m'zaka za m'ma 1960 inzake yatsopano inkagulidwa pa madola ngati 200 okha. Kodi ogulawo anaonamo chiyani?

Tiyambe ndi ntchito yake. Wotchi yamtundu umenewu imatchedwa chronograph. Kuwonjezera pa mivi yosonyeza maola ndi mphindi, ili ndi muvi wina umene umayenda munthu akadina batani, nuima akadinanso. Dzinali likuchokera kwa Nicolas Rieussec wa ku France, amene mu 1821 anapanga chipangizo choyezera liŵiro la akavalo pa mpikisano ku Paris. Chinkadontheza inki pa nkhope yake kavalo akamadutsa, kotero kuti chinkalembadi nthaŵi. Magalimoto atalanda malo a akavalo, amisiri anazokota manambala m'mphepete mwa wotchi. Dalaivala akadina batani pa chizindikiro cha kilomita imodzi nadinanso pa chotsatira, muvi unkamuuza liŵiro lake: ukaima pa masekondi 30, ndiye kuti akuthamanga makilomita 120 pa ola. Panalibe kuŵerengera papepala.

Tsono opanga mawotchi a ku Switzerland anayamba kutcha katundu wao maina a mipikisano. Mu 1963 kampani ya Heuer inatulutsa Carrera, potengera mpikisano wa Carrera Panamericana wa ku Mexico, umene unachitika kuyambira 1950 mpaka 1954 ndipo unapha anthu ambiri. M'chaka chomwecho Rolex inatulutsa Cosmograph, imene posakhalitsa inalandira dzina la bwalo la Daytona ku Florida. Mu 1969 kunabwera Heuer Monaco, yangodya zinai, imene Steve McQueen anavala mu kanema wa Le Mans wa 1971.

Chodabwitsa nchakuti Daytona siinayende malonda. Inkafuna kuti mwini wake aziipotokola ndi zala tsiku ndi tsiku, pamene ogula anali atakonda kale mawotchi odziyendera okha ndi kugwedezeka kwa mkono. Imene inakanidwa koposa ndi ya nkhope yachilendo, yoyera koma yokhala ndi timabwalo titatu takuda, manambala opindika mwa mtundu wina ndi timizere tofiira m'mphepete. Anthu ankati ndi yonyanya. Inkagona m'sitolo zaka, ndipo chifukwa cha ichi zinapangidwa zochepa. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse: kusoŵa kwake lero kunabadwa mwa kunyozedwa kwake dzulo.

Kenaka kunagwa tsoka pa amisiri onse. Pa 25 Disembala 1969 kampani ya Seiko ya ku Japan inayamba kugulitsa Astron, wotchi yoyendera batire ndi kamwala ka quartz. M'zaka zochepa mawotchi otere anatsika mtengo, ndipo ankasunga nthaŵi bwino kuposa wotchi iriyonse ya mawilo ndi sipuling'i. Mafakitale ambiri a ku Switzerland anatsekedwa, antchito zikwizikwi nachotsedwa. Ku kampani ya Zenith, eni ake a ku America analamula cha m'ma 1975 kuti zida zopangira makina a El Primero zigulitsidwe ngati zitsulo zakutha. Mmisiri wina, Charles Vermot, anazibisa mwakachetechete m'chipinda cha kudenga pamodzi ndi mapulani ake. Akadapanda kutero, Rolex sikadapeza makina amene inaika mu Daytona yatsopano ya 1988.

Ndi m'zaka za m'ma 1980 zomwezo pamene osonkhanitsa zakale, makamaka a ku Italy, anatembenuka nayamba kufunafuna zimene dziko linataya. Anaona pa zithunzi kuti katswiri wa kanema Paul Newman ankavala Daytona ya nkhope yonyozeka ija, ndipo mtundu wonsewo anaupatsa dzina lake. Newman sanali wongodzionetsera. Anayamba kukonda mipikisano atasewera mu kanema wa Winning wa 1969, ndipo mu 1979 iye ndi anzake aŵiri anakhala achiŵiri pa mpikisano wa maola 24 wa Le Mans, ali mu galimoto ya Porsche 935.

Kumene kwagwa ndalama sikusoŵa akathyali. Popeza wotchi ya nkhope imeneyi imaposa kutali mtengo wa inzake yofanana nayo makina, pali anthu amene amajambula nkhope zabodza, kapena kuchotsa yeniyeni pa wotchi ina nakaiika pa ina. Nchifukwa chake wogula wochenjera amayang'ana ndi galasi lokuza kachilembo kalikonse, nayerekeza nambala ya pa chitsulo ndi chaka chimene mtunduwo unkapangidwa. Ndipo kuno zinthu zimayenda chammbuyo: wotchi yopukutidwa mpaka kunyezimira, kapena yoikidwa mivi yatsopano, imagwa mtengo, pamene yofwifwa ndi dzuŵa imakwera. Ine ndimaona kuti pamenepa sakugulanso chosonyeza nthaŵi, pakuti lamya ya m'thumba imachita bwino ntchitoyo. Akugula umboni wakuti chinthucho chinalipodi pa masiku aja ndipo palibe dzanja limene lachisintha.

Wotchi imene inagulidwa ku New York ija inali ya Newman mwini. Anampatsa ndi mkazi wake, Joanne Woodward, amene pochita mantha ndi liŵiro analembetsa kumbuyo kwake mau opempha mwamuna wake kuti aziyendetsa mosamala. Newman anaivala zaka zambiri. Tsiku lina mu 1984 anafunsa nthaŵi kwa mnyamata amene anali bwenzi la mwana wake wamkazi, napeza kuti mnyamatayo alibe wotchi. Anaivula pamkono, nampatsa.