Mabogi Akale Afunika Manja Atsopano

Inu a ku Chitedze ndi ku Namitete mumaidziŵa njanji ya ku Mchinji, imene idatsegulidwa mu 1980. Koma mbiri ya njanji m'dziko muno idayambira kummwera. Mu 1908 sitima yapamtunda idafika ku Blantyre kuchokera ku Port Herald, kumene lero timati ku Nsanje. Mitu iŵiri ya sitima za masiku amenewo ikadalipo: wotchedwa Thistle uli pa siteshoni ya Limbe, ndipo wotchedwa Shamrock uli ku nyumba yosungiramo zinthu zakale ku Chichiri.

Komatu chinthu chongoikidwa popanda wochisamala chimatha ndi dzimbiri ndi chiswe. Bogi lakale limafuna mmisiri wa matabwa, wosula zitsulo ndi wopaka utoto. Ku Wales, mu 1951, anthu wamba adatenga njanji ya Talyllyn imene inali pafupi kutsekedwa, nayamba kuikonza ndi kuiyendetsa popanda malipiro, odziŵa akuphunzitsa osadziŵa pa ntchito pomwepo.

Nafenso amisiri otere tili nawo, akuluakulu amene adakalambira pa ntchito yokonza mitu ndi mabogi ku Limbe. Luso lawo lili m'manja mwawo. Tikachedwa kuŵatumizira achinyamata, adzapita nalo kumanda.