Malungo ake ati?

Mlamu wanga wina anabwerako kuchipatala ali ndwii. Mwana wake wa chaka chimodzi, yemwe anali atamubayitsa katemera wa malungo katatu, anachezera kutentha thupi usiku wonse.

"Alamu, anthu aja anatinamiza," anatero akutsitsa mwana kumsana. "Ankati katemerayu amateteza ku malungo. Nanga awa si malungo?"

Ndinawafunsa zomwe anapeza atayeza magazi. Anati sanapeze kanthu, angomupatsa mankhwala a chifuwa. "Komabe ndi malungo ndithu, alamu. Tamugwirani mumve mmene thupi laotchera."

Mayiyu sananame. Achipatala nawonso sananame. Anasemphana pa mawu amodzi okha, ndipo mlandu wa kusemphanako ndikuuika pa ife olemba, omasulira ndi oulutsa mawu pawailesi, amene timanyamula nkhani za sayansi kuchoka kwa ofufuza kukazitula pakhomo la munthu wamba. Katundu wambiri amatayikira m'manja mwathu.

Mawu akuti malungo ndi akale kuposa makina oonera tizirombo. Makolo athu ankawanena munthu akatentha thupi, akamazizidwa dzuwa likuswa mtengo, m'mfundo monse mukuphwanya. Omasulira Baibulo atafika pa nkhani ya mpongozi wake wa Petro amene anagona ndi thupi lotentha, anasankha mawu omwewa, ngakhale palibe amene anayeza magazi a mayiyo. Mpaka lero kumudzi mumva za malungo a mvula kwa munthu amene wanyowa pobwera kumunda, ndi malungo a ntchito kwa amene wagwira khasu mopitiriza. Umenewu si umbuli, ndi mmene mawuwa anabadwira.

Sayansi inabwera pambuyo. Mu 1880 dokotala wa asilikali a ku France, Alphonse Laveran, anaona kachirombo m'magazi a wodwala ku Algeria. Mu 1897 Ronald Ross, ali ku India, anakapeza m'mimba mwa udzudzu. Kuyambira pamenepo nthenda imodzi inapatulidwa pakati pa matenda onse otenthetsa thupi: yoyamba ndi kachirombo ka Plasmodium, komwe kamalowa m'thupi udzudzu waukazi wa Anopheles ukaluma. Achipatala atafuna dzina lake m'Chichewa anabwereka mawu athu aja n'kuwachepetsa. Ndiye lero kumudzi malungo ndi dengu lalikulu lolowamo matenda ambiri, pomwe kuchipatala ndi nthenda imodzi yokha yooneka m'magazi. Tikalemba kuti "katemera wa malungo", ife timanena za nthenda imodziyo, koma mayi amamva za dengu lonse.

Kuipa kwake sikuthera pa kukhumudwa kwa mlamu wanga. Chibayo chimayamba ndi kutentha thupi. Matenda oumitsa khosi amayambanso chimodzimodzi, taifodi nayenso. Kholo likangoti "ndi malungo awa" limathamangira kukagula mankhwala a malungo, mwana chibayo chikumudya m'chifuwa. N'chifukwa chake bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linalangiza mu 2010 kuti wodwala aziyamba wayezedwa magazi asanapatsidwe mankhwala a malungo. Langizoli lili ndi mbali yake ya chinenero. Chizindikiro tizichitchula kuti kutentha thupi. Mawu akuti malungo tiziwasungira nthenda imene yapezeka m'magazi, ndipo pomwe pangakhale chisokonezo tiziti malungo a udzudzu, monga amanenera kale anthu ambiri. Sitikusowa kubwereka dzina lachilendo. Wolemba amene alemba kuti "mwana akadwala malungo thamangirani naye kuchipatala" wadumpha sitepe, chifukwa kholo silingadziwe kuti ndi malungo lisanafike kuchipatalako. Chichewa cholondola n'chakuti "mwana akatentha thupi thamangirani naye kuchipatala akamuyeze".

Pamenepa tafika pa mapasa amene amavutitsa ambiri: kuyeza ndi kuyesa. Amasiyana chilembo chimodzi, koma nkhani zake n'zotalikirana. Timayeza chinthu kuti tidziwe mmene chilili: kuyeza magazi, kuyeza mwana pasikelo, kuyeza chimanga pamsika. Timayesa chinthu chimene sitinadziwe ngati chitheke kapena ngati chigwire ntchito: kuyesa nsapato, kuyesa mbewu yatsopano pa kamunda kakang'ono. Ndamvapo muulutsi akunena kuti "pitani mukayesedwe magazi", ndipo ndawerengapo kuti "asayansi akuyeza katemera pa ana". Munthu akamva kuti kuchipatala akamuyesa, amabwerera panjira, poti palibe amene amafuna kukhala choyeserapo.

Pa katemera wa malungo mawu awiriwa ali ndi mbiri yake. Katemera woyamba wa malungo, wotchedwa RTS,S, anayamba kukonzedwa mu 1987. Kuyesa kwake kwakukulu kunachitika kuyambira 2009 mpaka 2014 pa ana oposa 15,000 m'mayiko 7 a mu Africa, ndipo Lilongwe anali amodzi mwa malo ake. Kumeneko kunali kuyesa ndithu, ndipo makolo ankafunsidwa ngati akulola. Pa 23 Epulo 2019 dziko la Malawi linakhala loyamba padziko lonse kupereka katemerayu kusikelo ya ana, m'maboma 11, kenaka Ghana ndi Kenya anatsatira. Kodi kumeneku kunalinso kuyesa? Akatswiri anatsutsana. Ena anati popeza ofufuza ankayang'anabe ngati katemerayu ali ndi zovuta zina, kholo lililonse linayenera kufotokozeredwa mokwanira n'kuvomera palokha. A WHO anati katemerayu anali atavomerezedwa kale ndi mabungwe oona za mankhwala m'mayikowo, ndipo maunduna a zaumoyo ankamupereka ngati akatemera ena onse. Mkangano woterewu sungafotokozeke m'Chichewa ngati wolemba sasiyanitsa kuyesa mankhwala, kuyeza wodwala ndi kulondoloza mmene ntchito ikuyendera. Akaphatikiza zonsezi n'kungoti "akuyesa", wapereka nkhuni kwa ofalitsa mphekesera yakuti azungu akuyesera mankhwala pa ana athu.

Tsono mawu akuti katemera nawo ali ndi katundu wawo. Anachokera ku kutema. Sing'anga amatema mphini n'kupakamo mankhwala, ndipo munthu wotemeredwa timati wakhwima: mfiti simufika, choipa chimamulambalala. Katemera wakale wa nthomba ankafananadi ndi mphini, poti ankakanda pamkono n'kusiya chipsera, ndipo anagwira ntchito mpaka nthomba inatheratu padziko lonse, monga zinalengezedwera mu 1980. Choncho m'khutu la Mchewa, katemera ndi linga lopanda mpata. Tikawonjezera mneni wakuti "amateteza" popanda kunena mlingo wake, talonjeza kukhwima.

Kafukufuku sanalonjeze zimenezo. Pa ana amene anayamba kubayidwa ali ndi miyezi 5 mpaka 17 n'kulandira kanayi konse, RTS,S anachepetsa kudwala malungo ndi pafupifupi 4 pa 10 alionse m'zaka 4, ndipo malungo aakulu anachepa ndi pafupifupi 3 pa 10. Apanso olemba timapunthwa. Ena amati "katemerayu amateteza ana anayi mwa ana khumi", ngati kuti pali ana anayi okhwima ndi asanu ndi mmodzi otayidwa. Tanthauzo lake si limenelo. Pagulu la ana pomwe malungo akanagwa maulendo 10, amagwa maulendo 6. Mwana wobayidwa atha kudwala, koma sadwala kawirikawiri, ndipo mpata woti adwale modetsa nkhawa umachepa. Phindu lake si lochepa: m'madera a Malawi, Ghana ndi Kenya momwe katemerayu anaperekedwa, imfa za ana a msinkhu wolandira katemera zinatsika ndi 13 pa 100 zilizonse. Mneni woyenera ndi "amachepetsa". Ndi mawu odzichepetsa, koma sachititsa manyazi mlangizi wa zaumoyo tsiku limene mwana wobayidwa wapezeka ndi malungo. Ndiponso ndi mawu okhawa amene amasiya malo a neti. Kholo limene lauzidwa kuti mwana watetezedwa lingavutikirenji kukunga neti usiku uliwonse, kapena kubwereranso kusikelo mwana akakwana miyezi 22 kuti akabayitse kachinayi? Limene lauzidwa kuti chiopsezo chachepa limadziwa kuti chala chimodzi sichiswa nsabwe.

Akuluakulu okonza mfundo za zaumoyo akulimbana ndi funso lomweli pa mlingo wa dziko. WHO inavomereza RTS,S mu Okutobala 2021, ndipo mu Okutobala 2023 inavomereza katemera wachiwiri, R21, wokonzedwa ku yunivesite ya Oxford, yemwe ndi wotsikirapo mtengo. Ndalama zikachepa, zingati zipite ku katemera, zingati ku maneti, zingati ku kupopera m'nyumba? Nzika imene yamva kuti katemera "athetsa malungo" singatengepo mbali pa zokambirana zotere, chifukwa kwa iyo nkhani inatha kale.

Cholakwika china chimene chazika mizu ndi chakuti "thupi langa linazolowera mankhwala". Mumachimva m'minibasi, ndipo chayamba kulowa m'nyuzipepala. Amene anakula m'zaka za m'ma 1980 akukumbuka kolokwini, kuwawa kwake ndi kuyabwa kwake. Kolokwiniyo anasiya kuchiza, ndipo mu 1993 Malawi linakhala dziko loyamba mu Africa kumuchotsa n'kuika fansida m'malo mwake. Fansida nayenso anafooka, ndipo mu 2007 tinayamba kumwa LA. Kodi matupi a Amalawi onse anazolowera nthawi imodzi? Ayi. Chinasintha ndi kachirombo. Mwa tizirombo tambirimbiri mumapezeka tina tobadwa mosiyanako pang'ono, timene mankhwala satipha. Tinzake tikafa, timeneti timatsala n'kuswana, udzudzu n'kutifalitsa mudzi wonse. Umboni wake unaoneka ku Blantyre konkuno: kafukufuku amene anatuluka mu 2006 anasonyeza kuti patatha zaka zoposa 10 kolokwini atasiyidwa, anayambanso kuchiza pafupifupi ana onse amene anapatsidwa, chifukwa tizirombo tomva mankhwalawo tinali titachulukanso.

Mlimi salakwitsa pamenepa. Akathira mankhwala m'thumba la chimanga n'kupeza chafumbwabe, sanena kuti chimanga chazolowera mankhwala. Amati anankafumbwe a chaka chino sakumva mankhwala. Chichewa chili nawo kale mawu ake, ndipo ndi okoma: tizirombo tosamva mankhwala, udzudzu wosamva mankhwala a m'neti. Kusiyana kwake n'kwakukulu. Amene akuti thupi lake lazolowera amaona ngati vuto ndi lake yekha, ndiye amangosintha mankhwala kapena kumwa ochuluka. Amene akudziwa kuti kachirombo ndi kamene sikakumva amazindikira kuti kangathe kupita kwa mwana wa mnansi wake, ndipo amamvetsa chifukwa chake amauzidwa kumaliza mankhwala masiku atatu onse ngakhale atapeza bwino tsiku lachiwiri. Tisaphatikizenso ndi mawu akuti "mankhwala atha mphamvu", omwe amanena za mankhwala amene apitirira tsiku lake kapena asungidwa poipa. Nkhaniyi si yakale: ku Rwanda, Uganda, Eritrea ndi Tanzania kwapezeka kale tizirombo tochedwa kufa ndi artemisinin, yemwe ndi msana wa LA. Tsiku limene nkhani yotereyi idzafunika kulengezedwa kuno, idzapeze anthu akudziwa kale kuti wosamva ndani.

Chotsala ndi nthawi ya mneni. "Asayansi apeza" ndi mawu amene olemba mitu ya nkhani amawakonda, chifukwa ndi aafupi ndipo amagulitsa. Mu 2018 ofufuza a ku Imperial College London anasintha chibadwa cha udzudzu mwakuti waukazi wambiri unaleka kuswana, mpaka udzudzu wonse umene ankausunga unatha. Koma unathera m'zikwere, m'nyumba yofufuziramo, osati kudambo. Ngati udzudzu wotere uyenera kutulutsidwa kunja, ndipo ndani angavomereze m'malo mwa mayiko oyandikana nawo poti udzudzu sudziwa malire, ndi nkhani imene ikukambidwabe. Wolemba akati "apeza njira yothetsera udzudzu" wakolola chimanga chikadali mmera. Chichewa chili ndi makwerero okwanira: akuganiza kuti, akufufuza ngati, ayesa m'nyumba yofufuziramo, ayesa pa anthu ochepa, zotsatira zikusonyeza kuti, zatsimikizika. Wolemba aponde pa khwerero pamene ofufuzawo aima, asawapitirire.

Ena amati Chichewa n'chosauka, sichingasenze sayansi. Pa zonse ndatchulazi palibe pomwe tasowa mawu. Kutentha thupi ndi malungo, kuyeza ndi kuyesa, kuchepetsa ndi kuteteza, kusamva ndi kutha mphamvu, onsewa ndi mawu a pamtondo ndi a kudimba. Chimene chimasowa ndi kudekha kwa wolemba kuti amvetse kaye nkhaniyo asanaisandutse Chichewa.

Mwana wa mlamu wanga uja anachira chifuwa chake, ndipo atakwana miyezi 22 mayi ake anapita naye kukabayitsa kachinayi, nditawafotokozera kuti katemerayu amachepetsa malungo a udzudzu, sachotsa kutentha thupi kulikonse. Anandiyankha kuti, "Akanatiuza choncho poyamba pomwe, bwenzi ndisanakwiye." Inu amene mumalemba timapepala ta kusikelo, inu omasulira mauthenga a zaumoyo, ndi inu a pawailesi: musanatulutse uthenga, dzifunseni kuti malungo ake ati, ndani akuyezedwa, n'chiyani chikuyesedwa, ndipo chachepa ndi mlingo wanji. Mukatha kuyankha, lembani.