Phiri ndi Banda: Maina Ochokera M'mapiri

M'midzi ya ku Dowa ndi Ntchisi, mayi akaitanidwa kuti Naphiri kapena Nabanda, mfunda wake wadziwika kale.

Akuluakulu amasimba kuti Amaravi ali paulendo, ena anagona pamwamba pa phiri, n'kutchedwa Aphiri. Anzawo anagona m'munsi atabanda udzu, ndipo anakhala Abanda. Ufumu wa Kalonga unali m'manja mwa Aphiri, pomwe Abanda ankadziwika ndi zopempha mvula.

Kunja nakonso mapiri anatcha anthu maina: Hill ku England, Berg ku Germany. Dzina la Yamamoto la ku Japan limatanthauza wokhala m'tsinde mwa phiri.