Mzinga ndi mtondo

Abale, mawu akuti mzinga tawasenzetsa katundu wolemera. Ndinazindikira zimenezi kuno ku Wattville pomasulira mbiri ya 1922, pamene boma la Jan Smuts linathetsa kuukira kwa azungu ogwira ntchito m'migodi. Ku Benoni, tauni yoyandikana nafe, ndege zinaponya mabomba. Ku Fordsburg kunalira mizinga. Apo mawuwa anakwana. Koma nditafika pa nkhondo za pambuyo pake ndinakumana ndi chida chotchedwa mortar, cholembera chinaima.

Mayina okha akuulula kusiyana. Cannon anachokera ku mawu a Chitaliyana otanthauza bango lalikulu: mpope wautali woponya chipolopolo mwaliwiro, pafupifupi molunjika. Nawo mzinga, m'Chiswahili, ndi mng'oma wa njuchi, chipika champhako. Mortar ndi mtondo basi, womwewo wosinjiramo, chifukwa zida zoyambazo zinali zazifupi, zakukamwa kwakukulu. Chida chimenechi chimaloza kumwamba kupitirira madigiri 45, bomba n'kukwera, n'kugwera kuseri kwa linga kapena m'ngalande. Chopepuka chonyamulika ndi asilikali apansi anachikonza Wilfred Stokes mu 1915.

Wina anganene kuti uku n'kulimbana ndi mawu chabe. Mbiri ya Karonga ikukana. Mu 1889 a African Lakes Company, pomenyana ndi Mlozi, wogulitsa akapolo, anabweretsa mzinga woponya chipolopolo cha mapaundi 7, poganiza kuti malinga ake agwa. Sanagwe. Zipolopolo zinkangoboola mitengo ndi dothi n'kutulukira kwina, linga lili chiimire, ndipo Mlozi anakhalabe mpaka December 1895, pamene Harry Johnston anamugonjetsa. M'kuona kwanga, linga lotere limaopa moto wogwa kuchokera kumwamba kuposa wobwera chamaso. Womasulira amene atchula zida ziwirizi ndi dzina limodzi amabisira wowerenga chifukwa chimene nkhondoyo inatalikira.

Mzinga weniweni mungauone ku Mangochi, pafupi ndi nsanja ya wotchi: ndi wa sitima ya Guendolen, imene inawombera sitima ya Ajeremani pa nyanja yathu mu August 1914. Chida chinachi ine ndayamba kuchilemba kuti mzinga wa mtondo, ngakhale kuti lilime silinazolowere. Inu a ku Tete ndi Niassa, amene makolo anu anamva kulira kwa morteiro m'nkhondo ya Frelimo ndi Renamo, kumudzi ankachitchula chiyani?