Kuchokera ku ndende ya Zomba kufika pa benchi

Anzanga a m'gulu muno, sabata ino ndabwera ndi mbiri ya mawu amene tonse tidawamvapo: "Iwe ukufunika ku Zomba." Mumsika amamveka tsiku lililonse, wina akangotchula mtengo wosamveka. Timaseka, basi. Koma mudadzifunsapo chifukwa chake chipatala cha odwala maganizo timachitchula ngati mmene timatchulira Maula? Palibe amene amaopseza mnzake kuti "ukufunika ku Central". Chifukwa chake n'chakuti malowo adayambadi ngati ndende.

Mu 1910 boma la atsamunda lidapatula mbali ina ya ndende yaikulu ya Zomba kuti muzisungidwa anthu amene ankati ndi amisala. Owayang'anira adali asilikali a ndende, osati anamwino. Munthu sankapitako yekha kukafuna thandizo ayi. Ankachita kutengedwa, makamaka akapalamula mlandu kapena akasowetsa anthu mtendere. Uja wongokhala duu pakhonde, osadya, osagona, boma lidalibe naye ntchito. Ameneyo ankatsala m'manja mwa abale, asing'anga ndi akumpingo.

Mu 1936 madokotala awiri achizungu, Shelley ndi Watson, adasindikiza zimene adapeza atafufuza odwala a ku Zomba. Adaona kuti ambiri ndithu adali oti adapitako kusukulu, ndipo ena ankadziona ngati azungu, mafumu kapena anthu achuma. Maganizo amene adafala pakati pa atsamunda nthawi imeneyo adali akuti maphunziro ndi moyo wachizungu zimasokoneza mutu wa munthu wakuda. Taonani nkhaniyo! Munthu akulipira msonkho wa nyumba, akugwira thangata pamunda wa mzungu, sukulu waphunzira koma mpando sampatsa, ndiye mutu ukabalalika n'kuyamba kulota ufumu, akuti vuto ndi sukulu. Ine ndimaona kuti odwalawo ankanena zoona za nthawi yawo, kungoti ankazinena mozondoka.

Lamulo loyendetsera za matendawa lidabwera mu 1948, ndipo lidakhala likugwira ntchito zaka zoposa 70, kudutsa atsamunda, Kamuzu mpaka matipate. Chipatala chenicheni cha Zomba Mental chidatsegulidwa mu 1953, nthawi imene mankhwala oziziritsa mutu ankayamba kupezeka padziko. Zinthu zidasinthako, koma fungo la ndende silidachoke m'mitima mwathu.

Kuno ku Lilongwe, ngakhale likulu litasamukira kuno mu 1975, thandizo lidali kagawo kochepa pachipatala cha Bottom, chimene lero timati Bwaila. Dzina la Bottom nalonso ndi la atsamunda: Top chidali cha azungu, chakumunsi n'kukhala chathu. Wodwala akakula mphamvu, ulendo wa ku Zomba, makilomita pafupifupi 300. Banja la ku Kawale kapena kwa Biwi likanakwanitsa kangati kukamuona? Ambiri ankangoti tim'mange m'nyumba, anthu asadziwe.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 abale achikatolika a St John of God adafika ku Mzuzu. Iwo adabweretsa chinthu chimene chinkasowa, uphungu, ndipo adatsegula sukulu yophunzitsa aphungu. Pano ali ndi malo ku Area 43 kuno ku Lilongwe. Naye Pulofesa Chiwoza Bandawe wakhala zaka zambiri akulemba m'nyuzipepala ndi kuyankhula pawailesi kuti maganizo amadwala ngati mmene limadwalira thupi, ndiponso kuti amachira.

Koma mbali imene imandikhudza kwambiri idachokera kwa anzathu a ku Zimbabwe. Dokotala wa matenda a maganizo, Dixon Chibanda, adataya wodwala wake amene adadzipha atalephera kubwerera kuchipatala ku Harare chifukwa chosowa ndalama ya basi. Mu 2006 iye adayamba kuphunzitsa agogo aakazi a ku Mbare, dera lothithikana ngati Chinsapo kapena Mgona, kuti azikhala pa benchi yathabwa panja pa kiliniki n'kumamvetsera anthu. Ntchitoyi adaitcha Friendship Bench. Agogowo sankatchula mayina a matenda a m'mabuku. Ankati kufungisisa, chimene ife timati kuganiza kwambiri. Kafukufuku amene adatuluka mu 2016 adaonetsa kuti amene adakhala pa benchi adapepukidwa kuposa amene adangolandira thandizo la masiku onse. Njirayi idafikanso ku Malawi, ndipo yayesedwa m'zipatala zina za mu Lilongwe momwe muno, pakati pa olandira ma ARV ndi amayi oyembekezera.

Pa benchipo sipachitika zamatsenga. Mumakumana kasanu ndi kamodzi. Phungu sakuuza zochita. Amakusiya uyale mavuto ako onse ngati tomato patebulo: ngongole ya katapila, banki mkhonde imene yakwana Lachisanu, bambo a kunyumba amene adapita ku Joni osatumizanso uthenga, mwana amene wabwezedwa fizi. Kenako akuti sankhapo limodzi, limene ungaligwire sabata ino. Mumaunikira limodzi njira zake, iwe n'kusankha yako, n'kudzabweranso kudzanena mmene zayendera. Ife ageni timadziwa kuti thumba la makilogalamu 50 suligulitsa lonse nthawi imodzi, umaligawa m'timilu. Munthu amene adafika akuti zonse zatha amabwerera ndi ntchito imodzi yoti akachite mawa, ndipo tulo timayambira pomwepo.

Mwina wina anena kuti, "Nanga zachilendo n'ziti? Agogo athu ankachita zomwezo pamtondo ndi pasiwa." Zoona, sindikutsutsa. Koma ku Area 23 kapena ku Area 25 mtondo uja udalowedwa m'malo ndi chigayo, ambiri tikukhala nyumba za lendi, ndipo woyandikana naye wa chaka chino si wa chaka chatha. Ukauza mnzako wa pampopi kuti usiku sukugona, pofika madzulo mzere wonse wamva, mwinanso mpaka pa WhatsApp. Phungu wophunzira ntchito yake amasunga chinsinsi, sakuseka, ndipo sathamangira kukuuza kuti walodzedwa kapena chikhulupiriro chako chachepa. Akaona kuti matenda akula amakutumiza kwa dokotala, pakuti alipo matenda ena ofunikadi mankhwala, ndipo Zomba ya lero ndi chipatala cha madokotala ndi anamwino.

Chotsalira cha 1910 chikadalipo komabe. Pepala limene azaumoyo amagwiritsa ntchito poyeza kuvutika maganizo lili ndi mafunso 9, ndipo lidamasuliridwa m'Chichewa. Funso lomaliza limafunsa ngati munthu wakhala akuganiza kuti bola kufa. Pomwe kwa zaka zambirimbiri malamulo a dziko lino adakhala akunena kuti kuyesa kudzipha ndi mlandu, ndipo anthu adaimapo nawo m'khoti. Ndiye namwino akafika pa funso limeneli, musadabwe kuona mayi akuyamba wayang'ana kukhomo asanayankhe.