Alenje a Mawu a Kutsidya kwa Nyanja

M'mwezi wa Disembala 1921, Paul Godley anakhoma tenti m'munda wina pafupi ndi Ardrossan, m'mbali mwa nyanja ku Scotland, kunja kukuzizira ndi kugwa mvula. Anatumidwa ndi bungwe la American Radio Relay League kuti akatsimikize ngati timakina ta anthu wamba a ku America tingamveke kutsidya kwa nyanja ya Atlantic. Ali m'sitima yapamadzi ya Aquitania anakumana ndi katswiri wina, Harold Beverage, amene anamulangiza kuti m'malo moimika mlongoti wautali ayale waya wautali pa timitengo tatifupi, mololoza kumene mawuwo adzachokere. Godley anatsatira malangizowo ndipo anamva masiteshoni oposa 20, kuphatikizapo 1BCG ya ku Greenwich, m'chigawo cha Connecticut. Anali mauthenga a Morse, osati nyimbo, koma anadzera m'mafunde amene lero timawatcha medium wave, ndipo waya wa mtundu umenewo udakali kudziwika ndi dzina la Beverage.

Chimene chinkathandiza mafundewo kuoloka nyanja chinali chisanadziwike bwino. Arthur Kennelly ndi Oliver Heaviside anali ataganizira kale, m'chaka cha 1902, kuti kumwamba kwenikweni kuli mpweya wokhala ndi mphamvu ya magetsi umene umabweza mafunde pansi. Edward Appleton ndiye anatsimikizira zimenezi mu 1924, pogwiritsa ntchito makina oulutsira mawu a BBC ku Bournemouth, napeza kuti mpweyawo uli pamtunda wa makilomita pafupifupi 100. Masana dzuwa limapanga chigawo china chamunsi chimene chimameza mafunde a medium wave. Likalowa chigawocho chimazilala, mafunde n'kuyamba kudumpha pakati pa thambo ndi dziko. Aliyense amene anapotokolapo wailesi usiku kumudzi, n'kumva Chiswahili kapena Chipwitikizi pamalo pamene masana panali zii, anakumana ndi chinthu chomwechi.

Ku America, pambuyo poti siteshoni ya KDKA ya ku Pittsburgh yaulutsa zotsatira za chisankho pa 2 Novembala 1920, kusaka masiteshoni akutali kunasanduka chizolowezi cha anthu ambirimbiri. Ankakutcha DX, chidule cha olemba matelegalamu chotanthauza mtunda. Chidwicho chinakula moti ku Chicago masiteshoni ankatseka dala Lolemba lililonse usiku, kwa zaka zingapo m'ma 1920, kuti anthu a mumzindamo amve za kutali. Omverawo sankasamala kwenikweni za nyimbo kapena ulaliki. Ankadikira mphindi imodzi yokha, pamene muulutsi atchula dzina la siteshoni ndi mzinda wake.

Pamenepa mpamene panagona vuto lalikulu la ulenje umenewu. Mlenje wa nyama amabwera nayo kumudzi, anthu n'kuiona. Koma womva mawu pakati pa usiku, ali yekha, alibe choonetsa. Ngakhale Guglielmo Marconi, amene anati anamva chilembo S kuchokera ku Poldhu ali ku Newfoundland pa 12 Disembala 1901, analibe mboni yapadera, ndipo akatswiri ena amakayikabe nkhaniyo chifukwa kunali masana. Motero panabadwa mwambo wolemba kalata: womvera ankafotokoza tsiku, nthawi, malo a siteshoniyo pa wailesi ndi zimene anamva, ndipo eni siteshoni, akayerekeza ndi kaundula wawo, ankamuyankha ndi khadi lotchedwa QSL. Kuyambira 1924 kampani ya EKKO ya ku Chicago inkasindikiza masitampa a masiteshoni, amene omvera ankawamata m'mabuku. Mabungwe a omvera, monga National Radio Club ya mu 1933 ndi Medium Wave Circle ya ku Britain ya mu 1954, anakhala ngati mabwalo oweruzira umboni: nkhani yokayikitsa inkafunsidwa ndi anzake a mwiniwake, amene ankadziwa zotheka ndi zosatheka.

Kunathandizanso kuti maiko sanagawane mafunde mofanana. Ku America masiteshoni amatalikirana ndi 10 kHz, pamene ku Ulaya, ku Africa ndi ku Asia mgwirizano wa ku Geneva wa 1975, umene unayamba kugwira ntchito pa 23 Novembala 1978, unakhazikitsa 9 kHz. Choncho siteshoni ya kutsidya nthawi zambiri imagwera pampata wa pakati pa masiteshoni a pafupi, ndipo imayamba kudziulula ndi kalikhweru kakang'ono mawu asanamveke.

Chodabwitsa n'chakuti likulu la ulenjewu silinakhale London kapena New York, koma thengo la kumpoto kwa Finland. Kuyambira 1974 omvera a m'dzikolo akhala akupita ku Lemmenjoki, m'dera la Lapland, kumene m'nyengo yachisanu dzuwa limatha masabata osatuluka. Kumeneko mdima ndi wautali, ziphaliwali zimene zimasokosera m'wailesi za kuno m'dzinja n'zosowa, zipangizo za magetsi n'zochepa, ndipo malo alipo oyala mawaya a Beverage otalika pafupifupi kilomita, uliwonse woloza kwake: wina ku Alaska, wina ku Japan, wina ku South America. Amagona masana, kapena osagona n'komwe, ndipo amayenda m'chipale chofewa kukalumikiza mawaya oduka. Zonse zimene zimachititsa dera kutchedwa lotsalira n'zimene zinalipatsa mwayi.

Kusintha kwakukulu kunadza chakumapeto kwa zaka za m'ma 2000, pamene kunabwera mawailesi olumikizidwa ku kompyuta, monga Perseus ya ku Italy, otha kujambula mafunde onse a medium wave nthawi imodzi. Kale womvera ankasankha siteshoni imodzi pamene ola likukwana, n'kutaya zina zonse. Tsopano amajambula usiku wathunthu n'kumaufufuza kwa miyezi ali kwawo. Umboni unalimba, pakuti mawu ojambulidwa akhoza kumvedwa ndi aliyense, koma achikulire ena amadandaula kuti kudikira kuja, kumene kunali mtima wa ntchitoyo, kunachepa mphamvu. Intaneti nayo inachititsa kuti siteshoni ya ku Iowa imveke bwinobwino pa foni, popanda waya ngakhale mita imodzi. Omvera a DX sauwerengera mpang'ono pomwe mtundu umenewu wa kumva.

Masiteshoni enieniwo akhala akutsekedwa. Pa 31 Disembala 2015 Deutschlandfunk ya ku Germany ndi Radio France zinazimitsa makina awo a medium wave, ndipo maiko ena a ku Ulaya anachita chimodzimodzi. Kwa alenje a ku Lapland zimenezi zinali zowawa ndi zokoma pamodzi: anataya masiteshoni amene anakula nawo, koma m'mipata imene zimphonazo zinasiya munayamba kumveka timasiteshoni ta kutali timene kwa zaka zambiri tinkaphimbika.