Chikumbutso cha 7 Ogasiti 1998 ndi Chifukwa Chake Sichidziwika

Lachisanu pa 7 Ogasiti 1998, cha m'ma 10:30 m'mawa, galimoto yodzaza mabomba inaphulika kuseri kwa ofesi ya kazembe wa dziko la America mumzinda wa Nairobi, pamphambano ya misewu ya Moi Avenue ndi Haile Selassie Avenue. Patangopita mphindi zochepa, inanso inaphulika pa ofesi ya kazembe wa dziko lomwelo ku Dar es Salaam. Ku Nairobi kunafa anthu 213 ndipo ovulala anali m'zikwi, pamene ku Dar es Salaam kunafa anthu 11. Amene anakonza chiwembuchi ndi zigawenga za gulu la Al-Qaeda.

Mizinda iwiriyi ili ndi malo okumbukira anthu amenewa. Ku Nairobi, pamene panali ofesi ija anadzalapo mitengo ndi kapinga, namanga khoma lolembedwa maina a omwalira. Malowa amatchedwa August 7th Memorial Park. Ku Dar es Salaam chikumbutsocho chili m'bwalo la nyumba yosungiramo mbiri ya dziko, ya National Museum. Komabe abale athu ambiri amene amawoloka pa Songwe kukapikula katundu ku Kariakoo, kapena kukatenga galimoto kudoko, amabwerako osamva n'komwe kuti malo oterewa aliko. Pali zifukwa zingapo.

Choyamba ndi nthawi. Malo a ku Nairobi anatsegulidwa pa 7 Ogasiti 2001, ndipo patangotha masabata asanu enieni, pa 11 Sepitembala, gulu lomwelo linapha anthu pafupifupi 3,000 ku America. Maso a dziko lonse anatembenukira ku New York. Kuyambira pamenepo, zimene zinachitika ku Nairobi ndi ku Dar es Salaam zakhala zikungotchulidwa modutsa, ngati kalambulabwalo wa tsoka lalikululo, kuiwala kuti kwa ofedwawo tsoka lalikulu linali la 1998.

Chachiwiri ndi dzina limene nkhaniyi inapatsidwa. Mabuku ndi manyuzipepala amati kunaphulitsidwa maofesi a kazembe wa America, ndipo womva amayesa kuti maliro anali a Aamerika. Koma mwa anthu onse omwalira, Aamerika anali 12 okha, ndipo ku Dar es Salaam sikunafe ngakhale mmodzi. Otsalawo, pafupifupi onse, anali anthu wamba a ku Africa kuno. Nyumba ya Ufundi, yoyandikana ndi ofesi ya ku Nairobi, momwe munalinso sukulu yophunzitsa ntchito za ulembi, inagwa n'kuphwanya omwe anali m'katimo. Ena anafera m'mabasi pamsewu. Ambiri atamva phokoso loyamba anathamangira pamawindo kuti aone, ndipo magalasi anawalasa m'maso, ena n'kukhala akhungu mpaka lero. Maliro amene aitanidwa m'dzina la mlendo, eni mudzi amawaonera patali.

Chachitatu ndi mmene malowa anakhalira. Chipilala cha pamphambano munthu amachiona ngakhale sanachifune. Koma malo a ku Nairobi ali mumpanda ndipo wolowa amalipira kangachepe pakhomo, pamene a ku Dar es Salaam amawapeza yekhayo amene walowa m'nyumba ya mbiri ija. Wamalonda amene akuthamangira basi sangawaone.

Chachinayi ndi madandaulo amene sanathe. M'chaka cha 2020 dziko la Sudan, lomwe linasunga Osama bin Laden mpaka 1996, linavomera kupereka madola 335 miliyoni ngati chipepeso pa ziwembuzi ndi zina. Ndalamazo zinapita kwa Aamerika ndi kwa omwe ankagwira ntchito m'maofesi a kazembewo. Akenya ambiri amene anavulala ali pamsewu kapena m'nyumba zoyandikana sanalandirepo gawo, ndipo akhala akudandaula pa mwambo wa chaka ndi chaka. Malo amene amakumbutsa akuluakulu za ngongole yosabwezedwa kawirikawiri salengezedwa mokweza.

Chachisanu chikutikhudza ife Asilamu. Akuphawo ankati akuchita zimenezi m'dzina la chipembedzo chathu. Chiwembu chitachitika, boma la Kenya linatseka mabungwe angapo achisilamu othandiza anthu, ndipo Asilamu ambiri a kum'mawa kwa Africa anayamba kuonedwa ndi diso lokayikira. Ambiri a ife tinaona kuti kukhala chete n'kwabwino, poopa kuti tikaitchula nkhaniyi tikhala ngati tavomera mlandu. Koma pakati pa maina a omwalirawo, makamaka ku Dar es Salaam, pali maina a Asilamu, amene anadzuka Lachisanu lija kupita kuntchito monga mwa masiku onse. Tikakhala chete, tawataya kawiri abale athuwo, ndipo tasiyira ena mwayi wofotokoza Chisilamu pogwiritsa ntchito zochita za akupha.

Sitikunena kuti tiziwerama pamaso pa miyala, pakuti chipembedzo chathu sichilola zimenezo. Khoma la maina si malo opembedzera, koma ndi umboni. Kwathu kuno munthu akamwalira timathamanga kukamusambitsa, kumuveka sanda ndi kumuswalira, ngakhale akhale mlendo, chifukwa moyo wa munthu ndi wolemekezeka pamaso pa Allah. Ulemu womwewo ukufuna kuti ana athu a ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota amve kuchokera kwa ife, m'madrasa ndi pakhomo, kuti kupha munthu wosalakwa ndi tchimo lalikulu, aliyense amene wachita. Akapanda kumva kwa ife, akamva pa intaneti kwa anthu amene amakometsera nkhanza, monga amene asautsa anansi athu a ku Cabo Delgado kuyambira 2017.

Choncho m'bale amene Allah wamupatsa ulendo wa ku Dar es Salaam kapena ku Nairobi apatule ola limodzi, akafike pamalowa, ndipo pobwerera adzawafotokozere ana ake zimene wakaona.